Ndakwanitsa Zaka 40, Koma Mfuti ya Abakha Yakana pa TV Yatsopano

[Pakhonde, ku Chitakale. Phiri labisika mu chiperoni. Patebulo pali keke yodula kale ndi kamakina kotuwa.]

Muli bwanji anzanga kumeneko? Kuno ku Mulanje kwacha ndi chiperoni, phiri silikuoneka n'komwe, koma mtima wanga uli mbee. Dzulo ndakwanitsa zaka 40. Ndinabadwa mu Julaye 1985, ndipo patangotha miyezi iwiri, mu Seputembala, kampani ya Nintendo ya ku Japan inatulutsa Super Mario Bros. Ine ndi gemu imeneyi ndife amsinkhu umodzi, takulira limodzi.

Mphatso imene mlongo wanga wandibweretsera kuchokera ku Limbe ndi iyi.

[Anyamula kamakinako.]

Amene munakula m'zaka za m'ma 90 mwaizindikira kale. Kamakina ka makaseti achikasu, majoyisitiki awiri, ndi mfuti yapulasitiki yowombera abakha. Pondipatsa anangoti, "Achimwene, tsegulani nokha." Nditaona chikasu cha kasetiyo mawu anandithera, chifukwa yofanana ndi imeneyi ndi imene amalume anabwera nayo kuchokera ku Joni ndili ndi zaka 12. Nthawi imeneyo TVM, wailesi ya kanema ya dziko lino, inali isanayambe, inadzatsegulidwa mu 1999, choncho TV ya amalume ntchito yake inali mafilimu a pa deki ndi magemu basi. Ana a mudzi wonse tinkathithikana pamkeka, wina akafa kumupatsa mnzake.

Dzulolo titadya mpunga ndi nkhuku, tinalumikiza kamakinaka ku TV yathu yopyapyala ya pabalaza. Mario anayenda bwinobwino. Koma titaika Duck Hunt, gemu yowombera abakha, mwana wanga wa zaka 10 anawomba, anawombanso, mpaka anagunditsa mfuti pagalasi penipeni. Bakha osagwa. Galu wa mu gemuyo n'kumangotuluka m'maudzu akuseka. Mwanayo anatembenuka n'kunena kuti, "Adadi, mfutiyi ndi yakufa."

Sinali yakufa. Tinatuma wakabaza ku Limbuli kukatenga TV yakale ya amalume, yachimsana ija, yolemera ngati thumba la chimanga. Inabwera yomangidwa ndi mphira, itafunditsidwa bulangete, eni ake akutsatira pambuyo pa njinga ina chifukwa sanafune kuti iyende yokha. Titailumikiza, kuwomba koyamba bakha anagwa. Kodi chinasintha n'chiyani?

[Kamera iyandikire kukamwa kwa mfuti.]

Mfuti imeneyi situlutsa kanthu. Tili ana tinkakhulupirira kuti imaponya kuwala pagalasi, koma ntchito yake ndi kuona. Tasuzumirani mumpopemu. Muli kagalasi, ndipo kuseri kwake kuli kadiso kamene kamamva kuwala. Kameneko ndiye mfuti yonse.

TV imaonetsa zithunzi 50 kapena 60 pa sekondi imodzi, motsatizana, maso athu n'kumaona ngati zinthu zikuyenda. Mukakhethemula mfuti, makina amachita zinthu ziwiri mwachangu. Chithunzi choyamba amadetsa sikirini yonse, bii. Chithunzi chotsatira amaika kabokosi koyera pamalo pamene pali bakha, kwina konse kukadali kwakuda. Ngati mwalozetsa bwino, kadiso kaja kamaona mdima kenako kuwala, makina n'kudziwa kuti mwalasa. Ngati mwalozetsa pambali, kamaona mdima wokhawokha, bakha n'kuthawa. Abakha akakhala awiri, aliyense amapatsidwa chithunzi chake cha kabokosi, mmodzi kenako mnzake, kuti makina adziwe amene wagwa. Kuphethira kuja kumene munkaona mukawomba, n'kumeneku.

Mdima woyamba uja ndimaukonda kwambiri, chifukwa ukuonetsa kuti amene anapanga gemuyi mu 1984 ankawadziwa ana. Ankadziwa kuti wina adzaloza mfuti pa babu la magetsi kuti azingolasa. Ndiye makina amayamba afunsa kuti, waona mdima kodi? Ngati kadiso kakuona kuwala nthawi yonse, palibe bakha amene agwe.

Tsono TV yachimsana ilibe nthawi yoganiza. Zimene makina atumiza imajambula pompo, mzere ndi mzere kuchokera pamwamba mpaka pansi, ndipo kadiso ka mumfuti kanapangidwira kuthwanima kwa mizere imeneyo. TV yopyapyala imayamba yalandira chithunzi chonse, kuchikonza, kuchikuza kuti chidzaze sikirini, kenako n'kuchionetsa. Kuchedwa kwake n'kochepa zedi, maso sangakuone, koma kwa makinawa n'kokwanira. Amene munatcholapo tiyi mukudziwa za pasikelo: kalaliki waitana nambala yanu inu mukadali m'munda, pofika ndi dengu iye watseka buku. Kabokosi koyera kamafika pagalasi makina atasiya kale kumvetsera. Choncho ngati muli nayo TV yakale kuseri kwa chitseko, musafulumire kuipereka kwa ogula zitsulo.

Chimene chandigwira mtima pa magemu amenewa zaka zonsezi ndi luso lochita zambiri ndi zochepa. Super Mario Bros. yonse, mayiko 8, nyimbo, akamba, mipope, bowa, zonse zinakwana mu makilobayiti 40. Chithunzi chimodzi cha keke iyi chimene ndajambula pafoni chikhoza kumeza gemu imeneyi maulendo 50, malo n'kutsala. Shigeru Miyamoto ndi anzake, amene anapanga gemuyi, analibe malo otaya.

[Pa TV yachimsana, Mario waima pansi pa mtambo, pafupi ndi chitsamba.]

Tayang'anani mtambo uwu, kenako chitsamba ichi. Mwaona? Ndi chojambula chimodzi. Kumwamba anachipaka choyera, pansi chobiriwira, n'kubisa kumunsi kwake m'nthaka. Ndinasewera zaka zambiri osazindikira, ndipo tsiku limene ndinaona ndinaimitsa gemu kwa kanthawi, kungoyang'ana. Ngakhale maonekedwe a Mario anachokera ku kuchepa komweko. Pamene ankamujambula koyamba mu Donkey Kong mu 1981, timadontho tinali tochepa moti pakamwa sipakanaoneka, ndiye anamupatsa ndevu za pamlomo. Tsitsi likanavuta kuliyendetsa akamadumpha, ndiye anamuveka kapusi. Ife a kuno nzeru zotere timazidziwa, tinakula tikupanga magalimoto amawaya ndi mpira wa mapepala apulasitiki.

Makina amene ankafika kuno ambiri sanali a Nintendo enieni. Anali otengera Famicom, makina a Nintendo a mu 1983, koma opangidwa ndi makampani ena, ndipo pakaseti pankalembedwa kuti muli magemu 9999. Mukatsika pamndandanda munkapeza kuti ndi magemu ochepa omwewo, ongobwerezedwa, kwina Mario wayambira dziko lachitatu, kwina wasinthidwa mtundu. Sitinkadandaula. Kwa mwana wa ku Limbuli, amenewo ndiwo anali khomo lolowera m'dziko la magemu.

Pali mwambo wina umene ndikufuna tiusiye. Kaseti ikakana, tonse tinkaizula n'kuiuzira mpweya, fuu fuu, n'kuibwezera. Ikagwira tinkati mpweya wathandiza. Chimene chinkathandiza ndi kuzula ndi kubwezera kuja, chifukwa timano tachitsulo ta kaseti tinkakhudzana bwino ndi ta m'makina. Mpweya wa m'kamwa uli ndi chinyontho, ndipo kuno kwathu kumene mvula ndi nkhungu sizisowa, chinyontho chimadya timano timeneto msanga. Pukutani ndi kathonje konyowetsa pang'ono ndi spiriti, dikirani paume, ndiye muike.

Pambuyo pa makinawa panabwera zambiri. Brick Game ya mabatire awiri, yokhala ndi gemu ya njerwa yotengera Tetris, imene Alexey Pajitnov anapanga ku Moscow mu 1984. Snake II pa Nokia 3310, imene tinkabwerekana usiku mpaka batire kutha. Kenako PlayStation 2 m'tizipinda ta pamsika pano pa Chitakale, kulipira pa gemu iliyonse ya mpira, wogonja kudzuka pabenchi. Lero mwana wanga amasewera eFootball pafoni, mdzukulu wa gemu ya mpira ya Pro Evolution Soccer. Zonsezo ndazikonda, ndipo chilichonse chidzakhala ndi vidiyo yakeyake. Koma palibe chimene chinadzaza nyumba ngati mmene inadzazira dzulo.

Pali chinsinsi chimodzi chimene ambiri sitinkachidziwa pamkeka paja. Mu Duck Hunt, mukasankha masewera a bakha mmodzi, munthu wina akhoza kutenga joyisitiki n'kumamuwongolera bakhayo, kumuthawitsa kwa wowombera. Ndinamunong'oneza mwana wanga. Kenako ndinapereka mfuti ndi manja awiri n'kunena kuti, "Malume, TV ndi yanu, yambani ndinu."

Anavala magalasi, anakhala kumapeto kwa mpando, n'kutsinzina diso limodzi. Bakha anauluka, n'kukhotera kumanzere mwadzidzidzi. Anawomba, anaphonya. Anakhoteranso kumanja, anaphonyanso. Amalume anatsitsa mfuti, n'kuyang'ana manja a mdzukulu wawo amene anabisa joyisitiki pansi pa juzi.

"Iwe mphwanga," anatero akundiyang'ana, "mwanayu wamuphunzitsa chiyani?"

Nyumba yonse inafa ndi phwete. Kuwomba kwachitatu bakha anagwa, galu n'kutuluka m'maudzu atamunyamula pakhosi. TV ija amalume anena kuti ikhale kuno mpaka Lamlungu.