Kaduwa Kofiira ka Novembala ndi Agogo Athu a Tengatenga

Moni nonse, a kumudzi, a ku Joni, a ku Harare, ndi inu anzanga a kuno ku Mangalande. Ndine azakhali anu a ku Accrington, katauni ka kumpoto kwa Manchester komwe mvula sisowa. Gawo la lero ndakonzera ana, makamaka inu a Sitandade 8 mpaka Fomu 2. Makolo mvetserani nawo, koma foniyo apatseni eni ake.

Mwezi wa Novembala ukangolowa, anthu kuno amabaya kaduwa kofiira kapepala pachifuwa pokumbukira amene anafera kunkhondo. Oyendetsa basi, owerenga nkhani pa TV, osewera mpira, onse. Pa 11 Novembala, ikangokwana 11 koloko m'mawa, dziko limati zii kwa mphindi ziwiri. Kunyumba yosamalira okalamba komwe ndimagwira ntchito timazimitsa ketulo, makapu timasiya pomwe ali, ndipo agogo ena oti sakudziwa n'komwe kuti m'mawa adya chiyani amawongola msana pampando. Limeneli ndi tsiku ndi ola lomwe mfuti zinaleka kulira ku Ulaya mu 1918, pakutha pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse.

Inayamba bwanji? Pa 28 Juni 1914, mnyamata wa zaka 19 dzina lake Gavrilo Princip anawombera Franz Ferdinand, amene ankayembekezera kulowa ufumu wa Austria-Hungary, mumzinda wa Sarajevo. Zikanathera pomwepo, koma mayiko akuluakulu a ku Ulaya anali atapangana kale kuti wina akaputidwa, mnzake alowererapo. Austria inaukira Serbia. Russia inaima ndi Serbia, Germany inaima ndi Austria, France inali kumbali ya Russia. Germany itadutsa m'dziko la Belgium kuti ikathire nkhondo France, Britain nayo inalowa pa 4 Ogasiti. Tsono ena mwa mayikowa anali atagawana kale Africa ndi madera ena, choncho motowo unakafika kwa anthu oti dzina la Sarajevo sanalimvepo chibadwire.

Ndiyambe ndi za katauni kanga kano. Mu Sepitembala 1914 meya wa Accrington anamema anyamata kuti alembetse usilikali, powalonjeza kuti anzawo a mumsewu umodzi, a fakitale imodzi ya nsalu, a tchalitchi chimodzi, adzakhala m'gulu limodzi. M'masiku khumi okha analembetsa oposa 1,000, ndipo gululo linatchedwa Accrington Pals. Zinamveka zokoma: kupita ndi mnzako wa kusukulu, ndi mlamu wako, ndi mng'ono wako. Vuto lake linadzaoneka pa 1 Julayi 1916, tsiku loyamba la nkhondo ya ku Somme, ku France. Anyamata pafupifupi 720 anatuluka m'ngalande kuyenda kulunjika kumudzi wa Serre, komwe Ajeremani anali atatchera mfuti za chiwaya. Mwa iwo, 584 anaphedwa, anavulala kapena anasowa, ambiri pasanathe ola. Tangoganizani, ana inu, maliro kulowa pafupifupi nyumba iliyonse ya mzere umodzi sabata imodzi. Tsiku lomwelo lokha, asilikali a Britain oposa 19,000 anafa. Ena mwa omwe anapita kunkhondoyi anali achichepere kwambiri: lamulo linkati wopita kunja akhale ndi zaka 19, koma anyamata ambirimbiri a zaka 15 ndi 16 ananama msinkhu, olemba n'kuyang'ana kumbali.

Mukapita ku Oak Hill Park kuno, mupeza chipilala chokhala ndi mayina awo, mzere pamzere. Pafupifupi mudzi uliwonse wa Mangalande uli ndi mwala wotere. Anthu amabwera, kuloza ndi chala, n'kuuza mwana kuti awa ndi agogo a agogo ako. Pamenepa azungu ndimawatayira kamtengo, amadziwa kusunga mayina a akufa awo.

Koma nkhondo yomweyi inafika kwathu, ndiponso inafika msanga. Pa 13 Ogasiti 1914, sitima ya Angelezi yotchedwa Guendolen inawombera sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, panyanja yathu, tsidya la Tanzania lomwe nthawiyo linali m'manja mwa Germany. Mwezi wotsatira kunachitika nkhondo ku Karonga. Abusa John Chilembwe, omwe nkhope yawo mumaiona pandalama, analemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times mu Novembala chaka chomwecho. Mfundo yawo inali yoti anthu olemera ndi eni minda ndiwo apite akawomberedwe, osati amphawi a mu Africa omwe akafa amangosiya akazi amasiye ndi ana osowa pogwira. Boma la atsamunda silinafune kuti kalatayo iwerengedwe. Mu Januwale 1915 Chilembwe anaukira boma, ndipo mu Febuluwale anaphedwa.

Asilikali a kwathu a gulu la King's African Rifles (KAR) analipo pafupifupi 19,000. Koma ochuluka koposa anali a tengatenga, onyamula katundu, pafupifupi 200,000, m'dziko lomwe anthu onse anali ongopitirira pang'ono miliyoni imodzi. Chifukwa chiyani anthu? Misewu ya galimoto inali yochepa, ndipo akavalo ndi ng'ombe zinkafa ndi kashembe. Ndiye chipolopolo chilichonse, thumba lililonse la mpunga, hema wa bwana, zonse zinkayenda pamutu pa munthu. Mtolo wa makilogalamu oposa 20, wapansi, mvula ili pamsana, kukwera mapiri a kumwera kwa Tanzania, kenako kulowa Mozambique kulondola mkulu wa asilikali a Germany, Paul von Lettow-Vorbeck, yemwe ankangothawathawa osagwidwa. Ambiri sanapite mwa kufuna kwawo. Mafumu ankalamulidwa kupereka amuna, ndipo ena ankagwidwa usiku m'nyumba. Chomwe chinawapha kwambiri si mfuti ayi, koma kamwazi, malungo, chibayo ndi njala. Kumudzi nako minda inagonera chifukwa olima anali atatengedwa, ndipo pomwe otsala ankabwerera, kunagwa mliri wa chimfine wa 1918 womwe unasesa anthu dziko lonse lapansi. Ngakhale tsiku lija la 11 Novembala silinali lathu kwenikweni. Lettow-Vorbeck anadzatula zida pa 25 Novembala ku Abercorn, komwe lero ndi Mbala, ku Zambia.

Nanga mayina awo ali kuti? Ku Zomba kuli nsanja yokumbukira asilikali a KAR, mukadutsa kumeneko mukaione. Koma a tengatenga ambiri anakwiriridwa m'mbali mwa njira popanda cholembapo. Mu Epulo 2021 bungwe losamalira manda a nkhondo, Commonwealth War Graves Commission, linatulutsa lipoti lovomereza kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso kufika 350,000, ambiri a ku Africa ndi ku Middle East, sanakumbukiridwe ndi dzina kapena sanakumbukiridwe n'komwe. Nduna ya zachitetezo ya Britain ya nthawiyo, Ben Wallace, inapepesa m'nyumba ya malamulo. Kupepesa n'kwabwino, koma kunabwera patatha zaka zoposa 100, onse odziwa manda atapita kale.

Kaduwa kaja ine ndimavala, ndipo anzanga kuntchito akandifunsa ndimawauza za Karonga ndi za tengatenga. Ambiri amadabwa, kusukulu sanaphunzire.

Tsono ntchito yanu nayi. Sabata ino pitani kwa agogo, muwafunse ngati pamtundu panu panali wina amene anapita ku nkhondo ya chiwaya, monga ankaitchulira nkhondoyi kwathu, kapena ku tengatenga. Funsani dzina lake, mfunda wake, mudzi wake, ndiponso ngati anabwerako. A kunyanja ndi kumpoto mufunsenso za malipenga, chifukwa gule ameneyu anatengera perete ndi bandi ya asilikali. Mukapeza, lembani m'kope, ndipo munditumizire uthenga wa mawu pa WhatsApp kudzera pafoni ya makolo. Mayinawo ndidzawawerenga m'gawo lotsatira, tisanalowe nkhani ya nkhondo yachiwiri ndi asilikali athu omwe anakafika ku Burma. Tsalani bwino.