Tikumbukire 2010, Chaka cha Vuvuzela

Zikomo amayi ndi abambo, agogo athu amene mwakhala kutsogolo kuno, ndi inu achinyamata kumbuyoko. Ndapemphedwa kuti lero ticheukire chaka chimodzi chimene chinapita, tione zimene zinachitika ndi zimene anthu ankaimba, kuonera ndi kukambirana. Ine ndasankha 2010. Ndisanapite patali ndikufunseni: ndikati 2010, chikuyamba kubwera m'mutu mwanu n'chiyani?

Eya, mayi apo akuti vuvuzela. Bambo kumbali uko akuti Ghana. Mwayankha bwino nonse, ndipo tiyambira pompo poti ndi pamene pali mtima wathu. Koma mwaona kuti palibe amene watchula Haiti? Tifikako.

Chikho cha mpira cha dziko lonse chinayamba pa 11 Juni n'kutha pa 11 Julayi, ndipo kanali koyamba kuti chichitikire mu Africa chiyambire mu 1930. Achinyamata mumvetse apa. Kwa zaka 80 mpikisanowu unkazungulira ku Europe ndi ku America, mu 2002 n'kufika ku Asia, ife tikungosuzumira ngati ukwati wa eni. South Africa itasankhidwa mu 2004, olemba nkhani ambiri akunja ankakayika, amvekere mabwalo satha pa nthawi yake, alendo akaberedwa. Masewero onse 64 anaseweredwa m'mabwalo 10, ndipo anatha bwinobwino.

Tsiku loyamba lija, m'bwalo la Soccer City ku Johannesburg, limene analimanga looneka ngati chipanda, South Africa inakumana ndi Mexico. Mphindi ya 55, Siphiwe Tshabalala analandira mpira akuthamanga kumanzere, n'kuumenya ndi mwendo wamanzere, mpira uja n'kukalowa pakona yapamwamba, goloboyi akungogwira mphepo. Kenako iye ndi anzake anandanda m'mbali mwa bwalo n'kuyamba kuvina. Masewerowo anatha 1-1, ndipo South Africa sinadutse ndime yoyamba, koma chigoli chimenecho anthu akuchionerabe mpaka lero.

Nanga vuvuzela? Linali lipenga wamba la pulasitiki, koma anthu masauzande akaliimba pamodzi mumangomva ngati njuchi zalowa m'nyumba. Osewera ena anadandaula kuti sakumvana m'bwalo, a wailesi zakanema akunja nawo anadandaula, ena mpaka anapempha kuti liletsedwe. Bungwe la FIFA linakana, ndipo ine ndimati linachita bwino. Mlendo sauza mwini nyumba mmene asangalalire pakhomo pake. Nyimbo ya mpikisanowo, Waka Waka, anaimba Shakira wa ku Colombia pamodzi ndi gulu la ku South Africa la Freshlyground. Ambiri amene ankaivina sankadziwa kuti kolasi yake inachokera ku nyimbo ya mu 1986 ya gulu la ku Cameroon lotchedwa Golden Sounds. Inali nyimbo ya ku Africa imene inakazungulira kunja n'kubwerera kwawo itavala zovala zina.

Tsopano tifike pa Ghana, bambo aja asadandaule. Mayiko a mu Africa analipo 6: South Africa, Nigeria, Cameroon, Algeria, Ivory Coast ndi Ghana. Asanu anatuluka msanga, Ghana n'kutsala yokha itasenza tonse. Pa 2 Julayi inakumana ndi Uruguay mu kotafainolo. Sulley Muntari anagoletsa chapatali chigawo choyamba chikutha, Diego Forlán n'kubweza pa firikiki. Anasewera mpaka nthawi yoonjezera, zikadali 1-1. Mphindi yotsiriza yeniyeni, mpira unagwera pagolo la Uruguay, panali chipwirikiti, Dominic Adiyiah n'kuumenya ndi mutu. Goloboyi anali atapitirira kale. Mpira ukulowa, Luis Suárez, amene si goloboyi, anaukankha ndi manja ali pamzere. Woimbira anamuonetsa khadi lofiira n'kupereka penate.

Ine ndinaonera m'chipinda chodzaza, ena atakhala pansi, ena ataima pakhomo. Asamoah Gyan akuika mpira pansi, chipinda chonse chinati zii. Mnyamatayu anali atagoletsa kale mapenate awiri mu mpikisano womwewo, ndiye tinkangoti zatheka. Anathamanga, anamenya, mpira n'kugunda chitsulo chapamwamba n'kuuluka. Mkulu wina amene anakhala pafupi nane anagwira kumutu, osatsitsa manja mpaka mapenate onse kutha. Koma chimene ndikufuna achinyamata mugwire ndi ichi: patangopita mphindi zochepa, nthawi ya mapenate itakwana, Gyan yemweyo ndi amene anayamba kumenyera Ghana, ndipo anagoletsa. Tangoganizani mtima umene umafunika kuti munthu abwerere pamalo omwewo misozi isanaume. Uruguay inapambana 4-2, ndipo Africa inadikira mpaka 2022 kuti Morocco ifike mu semifainolo.

Pa 11 Julayi Spain inagonjetsa Netherlands 1-0, Andrés Iniesta atagoletsa mphindi ya 116. Masewero asanayambe, Nelson Mandela, ali ndi zaka 91, anazungulira m'bwalo pa kagalimoto kakang'ono ali ndi mayi Graça Machel, akubayibitsa anthu. Aka kanali komaliza kuonekera pa gulu lalikulu. Usiku womwewo, pamene dziko linali maso pa Johannesburg, mabomba anaphulika malo awiri mu mzinda wa Kampala ku Uganda, pamene anthu anasonkhana kuonera fainolo yomweyo. Anthu 74 anafa. Gulu la zigawenga la ku Somalia la al-Shabaab linati ndilo linachita, chifukwa Uganda inatumiza asilikali ku Somalia. Anthu aja anali ngati ifeyo, atakhala pamipando ya pulasitiki kudikira chigoli. Ndikafunsa za 11 Julayi, ambiri amakumbukira Iniesta, za Kampala ayi. Zimenezi zimandipweteka.

Tibwerere ku Januwale. Pa 12, chakumadzulo, chivomezi cha mphamvu 7.0 chinagwedeza dziko la Haiti pafupi ndi likulu lake, Port-au-Prince. Nyumba ya pulezidenti inagwa, zipatala ndi sukulu zinagwa. Boma la Haiti linati anthu oposa 200,000 anafa, ndipo pafupifupi 1.5 miliyoni anatsala opanda pogona. Patapita milungu 6 yokha, pa 27 Febuluwale, ku Chile kunachitika chivomezi cha mphamvu 8.8. Musanamizidwe ndi manambalawa kuti ayandikana: muyeso umenewu umakwera mochulukitsa, moti cha ku Chile chinali ndi mphamvu kuposa cha ku Haiti pafupifupi ka 500. Koma ku Chile kunafa anthu opitirira pang'ono 500.

Kusiyanaku kunachokera kuti? Mbali ina n'chakuti cha ku Haiti chinayambira pafupi kwambiri ndi mzinda wodzaza anthu, komanso osati pansi kwenikweni. Koma mbali yaikulu ndi kamangidwe. Chile inalawapo chivomezi choopsa mu 1960, cha mphamvu 9.5, chachikulu kuposa chilichonse chimene chinayezedwapo, ndipo inakhwimitsa malamulo a zomangamanga n'kumawatsata. Ku Haiti, chifukwa cha umphawi, nyumba zambiri zinali za simenti yochepa ndi zitsulo zoonda, denga lolemera la konkire pamwamba. Nthaka itagwedezeka, madenga aja anatsikira anthu. Ngati pali amisiri omanga pakati pathu, nkhaniyi ndi yanu. Ndipo mavuto a Haiti sanathere pomwepo. Mu Okutobala kunabuka kolera m'mbali mwa mtsinje wa Artibonite, matenda amene anachokera ku msasa wa asilikali osungitsa mtendere a United Nations. Anapha anthu pafupifupi 10,000 m'zaka zotsatira, ndipo bungwelo linadzapepesa mu 2016. Pa nthawiyo makamera ambiri anali atachoka kale.

Za mu Epulo ndingodutsamo. Phiri lina ku Iceland linaphulika, phulusa lake n'kuimitsa ndege ku Europe pafupifupi sabata yathunthu, maulendo okwana ngati 100,000 n'kulephereka. Alimi a maluwa ku Kenya anataya maluwa awo poti panalibe ndege yowanyamula. Mwezi womwewo, pa 20, nsanja yokumbira mafuta ya Deepwater Horizon inaphulika m'nyanja ya Gulf of Mexico, anthu 11 n'kufa, mafuta n'kutayikira m'nyanja masiku 87.

Koma nkhani imene ndimaikonda m'chaka chonsechi ndi ya mgodi wa San José, pafupi ndi Copiapó ku Chile komweko. Pa 5 Ogasiti mgodi unagumuka, amuna 33 n'kutsekeredwa pansi pa nthaka, mamita pafupifupi 700. Kwa masiku 17 kunja kunalibe amene ankadziwa ngati ali moyo. Mabanja awo anamanga misasa pakhomo pa mgodi n'kukana kuchoka. Pansipo chakudya chinali cha masiku ochepa chabe, ndiye anagwirizana kuti aliyense azidya masipuni awiri a nsomba ya m'chitini, kabisiketi ndi mkaka wongonyowetsa kukhosi, kamodzi pa masiku awiri. Amuna akuluakulu 33, mumdima, kukutentha, njala ili m'mimba, koma chitini chikatsegulidwa ankagawana mofanana. Zofunika kusankha ankavota.

Pa 22 Ogasiti, akatswiri akutulutsa chitsulo chobowolera, anapeza kapepala katamangiriridwa kunsonga kwake, kolembedwa ndi inki yofiira, kakuti ali bwino m'malo obisalamo, onse 33. Kuyambira apo chakudya, mankhwala ndi makalata zinkatsikira m'kabowo kopapatiza ngati dzanja, kwinaku akubowola dzenje lalikulupo. Pa 13 Okutobala, patatha masiku 69, anawatulutsa mmodzimmodzi m'kachitsulo kotchedwa Fénix, kongokwana munthu mmodzi ataimirira. Womaliza kutuluka anali kapitawo wawo, Luis Urzúa. Anadikira kuti anthu ake onse aone dzuwa, iye n'kubwera pambuyo.

Tsopano zimene sitinazimve chifukwa zinalibe lipenga. Mu Epulo kampani ya Apple inayamba kugulitsa iPad, kakompyuta kaphanthiphanthi kogwira m'manja. Mu Julayi Facebook inalengeza kuti yafika pa anthu 500 miliyoni. Pa 6 Okutobala, kutatsala sabata imodzi kuti amuna a mumgodi aja atuluke, kunatuluka kapulogalamu ka zithunzi kotchedwa Instagram, kamene poyamba kankagwira pa iPhone pokha. Ndani wa ife anazilabadira? Komatu zimenezi ndi zimene zasintha mmene timachezera. Mu 2010 mpira tinkaonera pamodzi, kukuwa pamodzi, kulira pamodzi. Lero m'nyumba imodzi aliyense waweramira foni yake. Sindikunyoza mafoni ayi, nanenso ndili nayo m'thumbamu ndipo imandithandiza, koma ndimasowa chipinda chodzaza chija.

Mphamvu ya mafoniwa inaoneka chaka chisanathe. Pa 17 Disembala, m'tauni ya Sidi Bouzid ku Tunisia, mnyamata wa zaka 26, Mohamed Bouazizi, amene ankagulitsa zipatso ndi ndiwo zamasamba pa ngolo yokankha kuti adyetse abale ake, analandidwa katundu ndi sikelo yake ndi akuluakulu a tauni. Anapita ku ofesi ya bwanamkubwa kukadandaula, osamumvera. Chifukwa chosowa pogwira anadziyatsa moto pamaso pa ofesiyo. Ndikunena izi ndi chisoni, chifukwa palibe mayi amene ayenera kuikira mwana wake maliro a mtundu umenewo. Abale ndi anansi ake anayamba zionetsero, ena n'kujambula pa mafoni n'kuika pa Facebook, wailesi yakanema ya Al Jazeera n'kuzitola pomwepo. Boma la Tunisia linkalamulira nyuzipepala ndi wailesi za m'dzikomo, koma foni ya m'thumba la munthu aliyense silikanatha kuitseka. Bouazizi anamwalira pa 4 Januwale 2011. Pa 14 Januwale, pulezidenti Zine El Abidine Ben Ali, amene analamula zaka 23, anathawira ku Saudi Arabia. Mwezi wotsatira pulezidenti Hosni Mubarak anatula pansi udindo ku Egypt, moto uja n'kufalikira ku Libya, ku Yemen ndi ku Syria, kumene unasanduka nkhondo zimene zinatha anthu ambirimbiri.

Ndiye kumbukirani tsikulo, 17 Disembala. Mawa lake, pa 18, okonda mpira ambiri mu Africa tinali maso pa Abu Dhabi, kumene timu ya TP Mazembe ya ku Lubumbashi ku DR Congo inkasewera fainolo ya chikho cha makalabu a dziko lonse. Inali itagonjetsa Internacional ya ku Brazil 2-0, ndipo inali timu yoyamba yosachokera ku Europe kapena ku South America kufika pamenepo. Inagonja 3-0 kwa Inter Milan, ife n'kumadandaula za zigoli zitatuzo usiku wonse. Dzina la Sidi Bouzid tinali tisanalimvepo n'komwe.

Ndaona mayi kumbuyoko munakweza dzanja kalekale pamene ndimanena za Haiti. Imirirani mayi, tikumveni.