Mawu a m'mawa: kwa banja limene m'bale wawo anachita kuphedwa

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye. Mawu athu m'mawa uno akuchokera pa Mateyu 14:10-13. Herode anatuma munthu kukadula mutu wa Yohane Mbatizi m'ndende. Ophunzira a Yohane anatenga mtembo, anakauika, kenako anapita kukauza Yesu. Yesu atamva, anakwera ngalawa n'kupita kumalo kopanda anthu. Paja Elizabeti, mayi wa Yohane, anali m'bale wa Mariya (Luka 1:36). Ambuye amene tikuwaitana lero anamvapo uthenga wakuti m'bale wawo waphedwa, ndipo anafuna kukhala kaye paokha.

Imfa yochita kuphedwa imasiya mabala awiri, chisoni ndi mantha, ndipo mantha ndi amene amatsogola. Ukafuna kukumbukira kuseka kwa malemu, chimene chimabwera ndi chithunzi cha mmene anafera. Ngakhale amene sanaone ndi maso, maganizo amadzipangira okha chithunzicho: analira? anaitana ndani? anamva ululu nthawi yaitali bwanji? Mantha akatseka njira chonchi, chisoni chimasowa potulukira, n'chifukwa chake ena misozi siituluka ngakhale pang'ono, anthu n'kumawanena kuti ndi ouma mtima. Sikuuma mtima ayi. Tiyenera kuyamba ndi manthawo kuti munthu apeze mpata wolira.

Zimene zimachitika m'thupi ndi izi. Ubongo ukaona kuti pali ngozi, thupi limatulutsa timadzi totchedwa adrenaline ndi cortisol, timene timalikonzekeretsa kuthawa kapena kumenyana. Mtima umagunda mofulumira, mpweya umabanika, m'mimba mumatentha, chakudya sichilowa, tulo timasowa. Chitseko chikangoti phwa, munthu amadzidzimuka. Ena amayang'ana loko wa pakhomo kangapo usiku umodzi, ena amaiwala zimene auzidwa posachedwa. M'masabata oyamba zimenezi zimachitikira anthu ambiri, ndipo kwa ambiri zimachepa pang'onopang'ono. Sikuchepa kwa chikhulupiriro, si misala, si chiwanda.

Taonani mmene Mulungu anachitira ndi Eliya pa 1 Mafumu 19. Aneneri anzake anali ataphedwa, Yezebeli akufunanso moyo wake. Anathawira kuchipululu, anakhala pansi pa kamtengo n'kupempha kuti afe. Mulungu sanayambe ndi ulaliki. Anamusiya agone, mngelo anamudzutsa kuti adye ndi kumwa madzi, anagonanso, anadyanso. Kulankhula kunabwera pambuyo pake, ku Horebu. Nafenso tiyambire pomwepo. Idyani pang'ono katatu pa tsiku ngakhale njala musaimve, ndipo madzi akhale pafupi. Dzukani nthawi imodzimodzi tsiku lililonse ngakhale usiku simunagone bwino, chifukwa nthawi yodzukira ndi imene imabwezeretsa tulo m'malo mwake. Yendani panja mphindi 20 kapena 30 masana, ndi munthu amene mumamudalira. Ngati muli pa mankhwala a BP, shuga kapena ma ARV, pemphani wina azikukumbutsani, chifukwa masiku amenewa n'zosavuta kudumphitsa.

Chithunzi chija chikabwera ndipo thupi layamba kunjenjemera, khalani pansi, mapazi onse awiri aponde pansi. Kokani mpweya ndi mphuno mukuwerenga mpaka 4, tulutsani pang'onopang'ono ndi pakamwa mukuwerenga mpaka 6. Chitani zimenezi kwa mphindi ziwiri kapena zitatu. Kutulutsa mpweya mochedwa n'kumene kumachepetsa kugunda kwa mtima. Ambiri amalakwitsa pokoka mpweya wambiri mofulumira, ndiye chizungulire chimawonjezeka ndipo zala zimachita dzanzi. Kenako tchulani mokweza zinthu zisanu zimene mukuziona, zinayi zimene mungazikhudze, zitatu zimene mukuzimva ndi makutu, ndipo nenani tsiku la lero ndi malo amene muli. Ubongo umakhala wabwerera ku tsiku lija, ndiye mukuuuza kuti lero ndi tsiku lina. Pemphero lalitali likakukanikani, nenani "Ambuye, ndithandizeni" pamene mukutulutsa mpweya. Masalimo 88 amathera mumdima popanda mawu a chimwemwe, koma ali m'Baibulo ndithu.

Mowa umagonetsa msanga koma umadula tulo chapakati pa usiku, ndipo m'mawa nkhawa imakula. Mapiritsi ogonetsa a mtundu wa diazepam musapatsane pakhomo. M'chaka cha 2013 bungwe la World Health Organization linalangiza kuti mankhwala amenewa asamaperekedwe pofuna kuchepetsa mantha kapena kusowa tulo m'mwezi woyamba munthu akakumana ndi zoopsa. Thupi limawazolowera, ndipo kuwasiya kumadzavuta.

Inu odzapepesa, anzake a Yobu anachita bwino masiku 7 amene anakhala naye pansi osalankhula kanthu (Yobu 2:13). Anayamba kulakwa atatsegula pakamwa kufunafuna chifukwa. Musafunse kuti "nanga ankakatani kumeneko usiku?" Musanene kuti inali nthawi yake, chifukwa kupha ndi tchimo la munthu. Pa Genesis 4:10 Mulungu anauza Kaini kuti magazi a m'bale wake akufuula kuchokera m'nthaka. Mulungu sanaitenge ngati nkhani yaing'ono, ifenso tisaichepetse. Musakakamize wofedwa kufotokoza zonse mobwerezabwereza kwa aliyense wolowa pakhomo. Akafuna kulankhula mverani, akakhala chete khalani naye. Ndipo chonde, zithunzi za mtembo pa WhatsApp ndi pa Facebook zifufuteni, musazitumize kwa wina. Tsiku lina mwana wa malemu adzaziona.

Mlandu umatsegulanso bala kambirimbiri, ndiye konzekerani. Banja lisankhe munthu mmodzi wodekha woti azilankhula ndi apolisi komanso atolankhani. Akhale ndi kope limodzi lolembamo nambala ya mlandu, dzina la wapolisi wofufuza, tsiku lililonse limene alankhulana ndi zimene auzidwa. Mauthenga a mufoni ya malemu musafufute, ndipo katundu amene angakhale umboni musachape kapena kutaya. Dziwiranitu kuti milandu yakupha imatenga nthawi, nthawi zina zaka, ndipo imaimitsidwa kawirikawiri. Woganiziridwa akatuluka pa belo sizitanthauza kuti mlandu watha. Ngati akuopsezani, kanenani tsiku lomwelo. Musanapite kukhoti funsani woimira boma pa mlanduwo tsiku limene adzawerenge lipoti la dokotala wopima mtembo kapena kuonetsa zithunzi, kuti musankhe nokha kukhalamo kapena kudikira panja. Musapiteko nokha, ndipo tsiku lotsatira musadzipatse ntchito yolemera.

Mkwiyo udzabwera, ndipo maganizo obwezera adzabwera. Kukhala nawo si tchimo losaneneka. Auzeni Mulungu momwe alili, muuzenso munthu mmodzi wokhwima maganizo. Choopsa n'kuwasunga mumtima. Abisalomu, mwana wa Davide, anakhala chete zaka ziwiri zathunthu atakwiyira m'bale wake Amnoni, kenako anamupha, Davide n'kutaya mwana mmodzi kumanda, wina kuthawira ku Gesuri (2 Samueli 13). Aroma 12:19 akuti tisabwezere tokha, kubwezera n'kwa Ambuye. Zimenezi sizikuletsa kukapereka umboni, pajatu mutu wotsatira ukunena za olamulira amene amalanga ochita zoipa. Kukhululuka nako si kuthetsa mlandu, si kugwirana chanza ndi wakupha, ndipo si chinthu choti mbusa kapena mkulu wa mpingo aikire tsiku. Wokakamizidwa kunena kuti "ndakhululuka" sabata yoyamba amangowonjezeredwa katundu wodziona ngati wonama pamaso pa Mulungu.

Ana auzeni zoona m'mawu ochepa: "Bambo amwalira. Munthu wina anawavulaza kwambiri, thupi lawo linasiya kugwira ntchito, ndipo sabweranso." Musanene kuti agona kapena apita ku ulendo, mwana amayamba kuopa tulo, kapena amadikira pakhomo. Mwana wosakwana zaka 5 sanamvetse kuti imfa ilibe kubwerera, ndiye adzafunsanso mawa ndi mkuja, muyankheni chimodzimodzi. Muuzeni kuti si iye anachititsa, muuzenso amene azimusamalira. Kukodza pogona, kukakamira amayi, ndewu kusukulu, zonsezi ndi kulira kwa mwana, osati mwano. Aphunzitsi ake adziwitsidwe.

Pakatha mwezi umodzi maloto oipa, kudzidzimuka ndi kupewa malo kapena anthu zikadalipo moti ntchito ndi kusamalira pakhomo zikukanika, pitani kuchipatala mukapemphe kuonana ndi wothandiza pa matenda a maganizo. Madokotala amalitcha vutoli PTSD, ndipo lili ndi chithandizo chokambirana chimene chimathandiza anthu ambiri, monga CBT yolunjika pa zoopsazo (kuthandiza munthu kusintha mmene amaganizira ndi kuchitira zinthu) ndi EMDR (kukumbukira zoopsazo maso akuyendetsedwa uku ndi uku motsogozedwa ndi katswiri). Pemphero lipitirire, chithandizo chipitirirenso. Koma wina akanena kuti akufuna kutsatira malemu, musadikire mwezi. Mufunseni mosabisa ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikumupatsa maganizowo. Chotsani mankhwala, chiphe, zingwe ndi zida m'nyumba, musamusiye yekha, ndipo mupite naye kuchipatala lero lomwe.

Tipemphere. Atate, tikukupatsani mabanja amene adzuka lero mpando wina uli wopanda munthu chifukwa cha dzanja la munthu mnzawo. Apatseni tulo usiku ukubwerawu. Tetezani mboni, patsani ofufuza ndi oweruza mtima woona, gwirani manja a amene akuganiza zobwezera. Amene sangathe kupemphera lero, tikuwapempherera ife. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.