Zimene buku la kalaliki silinalembe

Zikomo a Gulupu, zikomo mafumu nonse, abusa, aphunzitsi anzanga, amayi ndi abambo, ndi inu ana asukulu mwakhala pakhondepo. Kumbuyoko mukundimva? Chabwino. Chiperoni chayamba kale kutsika m'phiri lathu la Mulanjeli, choncho amene muli panja sunthirani m'kati, malo alipo.

A komiti ya laibulale yathu yaing'onoyi andipempha kuti ndiyankhe pagulu funso limene mtsikana wina wa Fomu 3 anandifunsa mwezi watha. Anati, "Aphunzitsi, anthu olemba mabukuwa kwenikweni amafuna chiyani? Ndalama kapena kutchuka?" Tsiku limenelo ndinamuyankha mothamanga, ndipo nditafika kunyumba yankho langalo linandisowetsa tulo. Lero ndabwera nalo lathunthu.

Za ndalama ndisazizembe. Wolemba naye amadya, amalipira fizi, amagula feteleza. Kufuna malipiro pa ntchito ya mutu si kulakwa, monganso wothyola tiyi salakwa akafuna malipiro a makilo ake. Koma kuno kwathu buku limene limayenda malonda ndi lomwe lasankhidwa kuti ana aziwerenga pokonzekera mayeso a JCE kapena MSCE. Ngakhale limenelo, sukulu imagula ochepa, otsalawo n'kumachita fotokope kapena kutumizirana pa WhatsApp, mwini wake osaona ngakhale tambala. N'chifukwa chake kuli bungwe la COSOMA, lomwe linayamba ntchito mu 1992 kuti liziteteza thukuta la olemba ndi oimba. Ndikunena zoona, ana inu, munda wa nanazi umabweza ndalama msanga kuposa buku. Ndiye ngati anthu akupitirizabe kulemba, chilipo china chimene chikuwakoka.

Ndikuuzeni za agogo anga aakazi.

Agogo anawoloka Ruo ali kamtsikana, pamodzi ndi Alomwe ambiri amene ankachoka ku Mozambique kuthawa nkhanza za Apwitikizi. Atafika kuno anapeza kuti nthaka yabwino ya m'munsi mwa phiri ili kale m'manja mwa azungu a maesiteti. Ukafuna pomanga nyumba ndi kamunda, unkalipira ndi manja ako. Mwezi wina unkagwirira lendi, wina unkagwirira msonkho. Ndipo mwezi wa pa esiteti sunkatha ngati mwezi wa kumwambawu, chifukwa kapitawo akanena kuti ndime ya lero sinathe, tsikulo silinkalembedwa pa tikiti. Ntchitoyo inkafunika nthawi ya dzinja, nthawi yomweyo imene munda wako ukufuna kupalira. Imeneyo ndiyo thangata, ndipo inakhalapo mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960.

Taonani mawu amenewo. Kuthangata kale kunali kuthandizana, kulimira mnzako lero kuti mawa adzakulimire. Mawu okoma aja anawatenga n'kuwaveka ukapolo, moti lero ukati thangata, nkhalamba imagwira pachifuwa.

Tsono kodi za agogo anga zinalembedwa? Zinalembedwa ndithu. Kalaliki wa pa esiteti anali ndi buku lalikulu. M'menemo munali dzina, nambala, masiku ogwira ntchito ndi kulemera kwa masamba pa sikelo. A DC nawo ankalemba malipoti, ndipo ambiri mwa malipoti amenewo akusungidwa ku Zomba, ku nyumba yosungira zolembedwa zakale za boma. Mukapita kumeneko mukamva zimene bwana ankaganiza za antchito ake. Koma simukapezako nyimbo imene agogo ankaimba akubwerera ku malaini madzulo, dengu lili kumsana. Simukapezako dzina la mwana wawo woyamba, amene anamwalira iwo ali kumunda wa tiyi chifukwa analibe womusiyira wamkulu. Buku la kalaliki linalibe danga la zimenezo.

Agogo ankandiuza zonsezi tikudikira kalongonda. Mukudziwa nonse kuti kalongonda sapsa msanga, umawiritsa n'kutaya madzi, kuwiritsanso, tsiku lonse. Nthawi yocheza inalipo yambiri. Ine ndinali kale mphunzitsi, cholembera chili m'thumba la malaya. Ndinkati ndidzalemba pa holide. Holide inabwera n'kupita, ina inabweranso. Agogo anatisiya ndisanalembe ngakhale tsamba limodzi. Lero pa nyimbo yonse ija ndatsala ndi mizere iwiri yokha ya Chilomwe, ndipo ndikaiimba imathera m'malere. Chinthu chimenechi chimandipweteka mpaka lero, ndipo ndi chimene chinandigwiritsa cholembera.

Choncho, mwanawe amene unafunsa funso lija, yankho langa loyamba ndi limeneli. Wolemba amafuna kuti zimene zinachitikira anthu ake zisafe pamodzi ndi amene anaziona, ndiponso kuti zisanenedwe ndi alendo okha.

Si ine ndayamba kuganiza chomwechi. Samuel Josia Ntara anali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma. Mu 1933 anatulutsa buku lotchedwa Nthondo, lolembedwa m'chinenero chathu chomwechi, lofotokoza moyo wa munthu wa m'mudzi kuyambira kubadwa mpaka kumwalira. Bukulo linapambana mpikisano, ndipo chaka chotsatira linamasuliridwa m'Chingerezi. Nthawi imeneyo mabuku onena za ife ankalembedwa kwambiri ndi amishoni ndi akuluakulu a boma. Ntara analemba ngati munthu amene wakhala pabwalo pomwepo, amene akudziwa chifukwa chake mlandu umayamba ndi kuwomba m'manja. Pambuyo pake analembanso mbiri ya Achewa, ndipo E. W. Chafulumira analemba ya Amang'anja, eni ake akale a dera lathu lino. Anthu amenewa anaona kuti nkhalamba zikutha ndipo anafulumira.

Apa pafupi pa Chiradzulu, mu Novembala 1914, John Chilembwe analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times. Ankadandaula kuti anthu akuda akutengedwa kukafa pa nkhondo imene si yawo, n'kusiya akazi amasiye ndi ana amasiye opanda chowathandiza. Boma la atsamunda linayesetsa kuti kalatayo isafalikire, koma inapulumuka. Chifukwa cha pepala limenelo, lero tikumva maganizo a Chilembwe kuchokera pakamwa pake, osati pakamwa pa adani ake okha.

Zimenezi zandifikitsa pa chinthu chachiwiri, chomwe achikulire muli pano mukuchikumbuka bwino. Inalipo nthawi m'dziko muno imene munthu unkayang'ana kumbuyo usanayankhule. Mu 1968 kunakhazikitsidwa lamulo loti mabuku, masewero ndi nyimbo ziziyamba zaunikidwa, ndipo zambiri zinkaletsedwa. Olemba sanasiye. Anachita zimene amayi athu akhala akuchita pamtondo kuyambira kale. Mayi akakhala ndi chidandaulo ndi apongozi kapena mwamuna wake, sapita kukatukwana pakhomo. Amatenga munsi n'kuyamba nyimbo yonena za khwangwala kapena za nkhuku, ndipo mudzi wonse umamva amene akunenedwa, koma palibe angamuimbe mlandu. Alakatuli a ku Chancellor College anachita chimodzimodzi ndi bilimankhwe, akalulu ndi mizimu ya m'nthano. Komabe ena sanapulumuke. Jack Mapanje anatulutsa buku lake loyamba la ndakatulo mu 1981. Mu Seputembala 1987 anamangidwa n'kutsekeredwa ku Mikuyu popanda kuzengedwa mlandu, mpaka Meyi 1991. Munthu salolera zoterozo chifukwa cha kutchuka. Ankafuna kuti pakhale umboni woti si onse anatseka maso.

Steve Chimombo, wa ku Zomba, anatenga Napolo n'kumuika pakati pa ndakatulo zake. Ku Zomba Napolo anadutsa mu Disembala 1946. Kwa Chimombo, chinjoka chotuluka m'phiri n'kukokolola midzi chinali chigumula chenicheni, komanso chinali njira yonenera mphamvu ina iliyonse imene imameza anthu usiku, m'mawa wake osaonekanso.

Ife a ku Mulanje sitifunika kuuzidwa kuti Napolo n'chiyani. Mu Marichi 1991 phiri la Michesi linagumuka n'kukwirira anthu ku Phalombe. Mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy anabwera, ndipo ena mwa inu munagona m'makalasi a sukulu masabata angapo. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Pa nthawi imeneyo munabwera anthu ambiri onyamula mapepala ndi matabuleti. Analemba mayina athu, chiwerengero cha ana, nyumba zogwa, kuti tilandire ufa, mabulangete ndi zidebe. Sindikunyoza kaundula ameneyo, anatipulumutsa ku njala. Koma ndikamuyang'ana ndimaona mchimwene wake wa buku la kalaliki lija. Dzina, nambala, kuchuluka. Ndani walemba phokoso limene phiri linachita usiku uja? Ndani walemba za mnyamata amene anabereka agogo a eni ake kuwawolotsa madzi ofika m'chiuno? Ndani walemba za mayi amene mpaka lero amaphika nsima ya anthu asanu pomwe atsala atatu?

Ndipo pali chinanso chogwirika ndi manja. Nkhalamba zina zinkadziwa makwawa amene madzi amatsata phiri likakwiya, zinkadziwa malo amene makolo ankakana kumangapo. Nzeru imeneyo ikakhala m'mutu mwa munthu mmodzi, imapita naye kumanda. Ikakhala m'kope, mdzukulu wofuna kuumba njerwa m'mphepete mwa khwawa angathe kuiwerenga asanakumbe maziko.

Ndisakupatseni chithunzi choti olemba onse ndi anthu a misozi. Ena amalemba kuti tiseke, ndipo ndimawalemekeza, chifukwa kuseketsa munthu amene wathyola masamba kuyambira mbandakucha si ntchito yaing'ono. Ena amalemba za chikondi, kuti mnyamata amene akuganiza kuti ndi iye yekha wakanidwa padziko lapansi aone kuti aliponso anzake. Ena amangokonda kukoma kwa mawu, mmene "phwii" amamvekera mosiyana ndi "khuu". Zonsezo n'zabwino.

Koma pamene ndikufuna kuchenjeza ndi pa kuphunzitsa. Olemba ambiri a kuno amati cholinga chawo ndi kuphunzitsa anthu, ndipo nthano zathu nazo zimatero. Ndachonga zimangirizo ndi nkhani za ana kwa zaka zambiri. Mwa nkhani zimenezo, zochuluka zimayenda njira imodzi. Mtsikana samvera makolo, athawira ku Limbe, apeza mwamuna wa galimoto, adwala, abwerera kumudzi kudzafa, kenaka wolemba n'kutiuza phunziro. Ana anga, nkhani yoteroyo sikhudza mtima wa munthu, chifukwa mtsikanayo si munthu, ndi chikwapu chomenyera owerenga. Mufunseni chifukwa chake anathawa. Mwina kunyumba kunalibe sopo. Mwina amalume ake ankafuna kumukwatitsa. Mwina malo a banja lawo ndi kachigawo kakang'ono kopanikizika pakati pa tiyi ndi msewu, ndipo ana asanu ndi awiri sangagawane. Mukalemba zimenezo moona, wowerenga aphunzira yekha, ndipo aphunzira zambiri kuposa zimene munakonza kumuuza.

Mawu amodzi pa za chinenero. Mu 1968 Chichewa chinasankhidwa kukhala chinenero cha dziko, ndipo chatithandiza kumvana kuyambira ku Muloza mpaka ku Mchinji. Koma m'nyumba zambiri za kuno Chilomwe chinayamba kuzilala, moti ambiri a ife timachimva pang'ono koma kuyankha sititha. Chaka chilichonse timapita pa Chonde, timavina tchopa, timadya zakudya za makolo, ndipo n'zokondweretsa. Nanga miyezi ina yonseyo? Mukamalemba za agogo anu, mawu amene anena m'Chilomwe, m'Chiyao kapena m'Chimang'anja muwasiye momwemo, tanthauzo mulembe pambali. Musawakonze kuti afanane ndi Chichewa cha m'buku la sukulu. Ndipo musadikire kuti Chingerezi chanu chikhwime kaye. Ntara sanadikire.

Wina anandifunsa panja paja kuti, nanga tikalemba adzasindikiza ndani? Funso labwino, ndipo njira zilipo. Kuli nyuzipepala zokhala ndi masamba a Chichewa, kuli mawayilesi amene amawerenga ndakatulo, kuli bungwe la Malawi Writers Union, ndipo foni imene muli nayo m'thumbayo imafika kutali. Koma kusindikiza kumabwera pambuyo. Choyamba n'chakuti mawuwo achoke pakamwa afike papepala munthuyo adakali moyo. Kope limodzi losungidwa bwino m'laibulale muno, lotetezedwa ku chiswe ndi chinyontho, likhoza kudikira wosindikiza zaka makumi awiri.

A komiti agula makope ndi zolembera, zili patebulo apo. Aliyense wa Fomu 2 mpaka Fomu 4 atenge limodzi potuluka. Sabata ino mupeze munthu wachikulire mmodzi, wa kwanu kapena woyandikana naye. Mupite ndi ulemu, mukhale pansi, mupemphe chilolezo, ndipo akakana kuti dzina lawo lilembedwe, musalilembe. Musafunse kuti "tiuzeni mbiri yanu", atopa musanayambe. Funsani chinthu chimodzi chaching'ono. Tsiku loyamba kugwira ntchito pa esiteti munavala chiyani? Usiku wa chigumula munagwira chiyani choyamba potuluka m'nyumba? Mukafunsa mukhale chete, musawadule mawu. Pamwamba pa tsamba mulembe tsiku ndi mudzi. Loweruka likubwerali tidzakumane muno nthawi ya 2 koloko, tidzawerengerane.

Ndisanakhale pansi, a Gulupu, ndiloleni ndichite chinthu chimodzi. Ndikulowa muno m'mawa, ndinaimba mizere iwiri ya agogo anga ija chapansipansi, ndipo agogo akhala pafupi ndi chitseko awo anandigwira dzanja n'kunena kuti amayi awonso ankaiimba, ndipo akuidziwa mpaka kumapeto. Mwanawe wa Fomu 3, bwera kuno ndi kope. Wina awabweretsere agogo mpando kutsogolo kuno. Agogo, pepani takuvutitsani, muyambe pang'onopang'ono kuti mwanayu athe kulemba.