Zinthu zakale zikabedwa n'kuwoloka malire: mayiko oyandikana angachitepo chiyani?

[Pa sikirini: chigoba cha nkhope chosema pamtengo]

Mu 1984, chigoba cha nkhope cha a Makonde chinabedwa m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ku Dar es Salaam, ku Tanzania. Chinakatulukira ku Geneva, ku Switzerland, m'nyumba yosungiramo zakale ya Barbier-Mueller, ndipo chinabwerera kwawo mu 2010. Zaka 26, chinthu chimodzi chokha! Komabe chimenechi chinali ndi mwayi, chifukwa chinabedwa pamalo podziwika ndipo eni ake anali ndi umboni woti n'chawo.

Zambiri sizikhala ndi mwayi wotere. Taganizirani ziboliboli zadongo za Nok ku Nigeria, kapena za ku Djenné ku Mali. Anthu amakumba mobisa, n'kuzula chiboliboli chimene chagona m'nthaka zaka mazanamazana. Palibe anachijambulapo, palibe kaundula amene chinalembedwamo. Ndiye mukadandaula bwanji kupolisi za chinthu chimene simunachionepo? Chopwetekanso kwambiri n'chimene chatsala m'dzenjemo. Makala, mapale ndi mafupa amene anali pambali pake ndiwo akanauza akatswiri zaka zake komanso anthu amene anachiumba. Khasu likasakaniza zonsezo, mbiriyo yapita, ngakhale chiboliboli chitadzabwezedwa.

[Mapu: mzere ukuwoloka malire]

Wakuba sathamangira kubwalo la ndege la dziko lomwe wabamo, kumene malamulo ake amamudikira. Amadutsa pamtunda kulowa m'dziko loyandikana nalo. Kumeneko wa kasitomu atsegula bokosi, aona mphika wakale wakutidwa ndi nsanza pakati pa ziboliboli zatsopano zogulitsa kwa alendo, n'kungoti pitani. Sikuti ndi waulesi ayi, palibe anamuphunzitsa kusiyanitsa. Katunduyo akafika kumsika wa kunja amakhala ali ndi pepala lonena kuti wakhala m'banja linalake kuyambira kalekale.

Malamulo alipo. Pangano la UNESCO la 1970 limafuna kuti mayiko aletse kutulutsa ndi kulowetsa zinthu zotere mozemba, ndipo mayiko oposa 140 analivomereza. Koma silibwerera m'mbuyo. N'chifukwa chake ziboliboli zamkuwa za ufumu wa Benin (dera lake lili mu Nigeria masiku ano), zimene asilikali a Britain analanda mu 1897, zikubwezedwa mwa kukambirana basi, monga mmene Germany inaperekera zina ku Nigeria mu 2022. Pangano la 1995 la UNIDROIT, bungwe logwirizanitsa malamulo a mayiko, ndi lolimbirapo: wogula chinthu chobedwa ayenera kuchibweza, ndipo sangalandire chipukuta misozi ngati sanafufuze mokwanira kumene chinachokera. Mayiko amene alowa m'pangano limeneli ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi loyamba lija.

Apa m'pamene mgwirizano wa m'chigawo umafunikira. Ku Ulaya, kuyambira mu 2016, apolisi ndi a kasitomu a mayiko ambiri amachita chipikisheni cha Pandora nthawi imodzi, m'madoko, m'misika ngakhale pa intaneti, kuti wothawa kuno akakodwe uko. Kumadzulo kwa Africa, bungwe la mayiko a m'chigawocho la ECOWAS linakhazikitsa ndondomeko yake yobwezeretsa chuma cha makolo mu 2019. Kunena zoona, kusainirana mapepala pamisonkhano n'kosavuta. Chimene chimagwira wakuba n'chakuti wapolisi wa tsidya lino akhale ndi nambala ya foni ya mnzake wa tsidya linalo, ndipo chithunzi cha chinthu chobedwa chifike pachipata galimoto isanafike.

[Pa sikirini: foni ikujambula chiboliboli]

Zipangizo zilipo kale. INTERPOL, bungwe la apolisi a mayiko a padziko lonse, ili ndi kaundula wa zinthu zobedwa zoposa 50,000, ndipo kuyambira mu 2021 aliyense angafufuzemo pafoni kudzera pa pulogalamu yotchedwa ID-Art. Bungwe la padziko lonse la nyumba zosungiramo zakale la ICOM limasindikiza timabuku totchedwa Red List. Musaganize kuti ndi mndandanda wa zinthu zobedwa: timaonetsa mitundu ya zinthu zimene akuba amazikonda, kuti wa kasitomu akaona chofanana nacho aimitse katunduyo n'kuitana katswiri.

Koma kaundula wa INTERPOL amathandiza pokhapokha chinthucho chikhale kuti chinajambulidwa chisanabedwe. Ngati mumasamala zinthu zakale, kaya kunyumba yosungiramo zakale, kutchalitchi kapena kumzikiti, jambulani chilichonse mbali zonse, rula ili pambali. Lembani kukula kwake, chimene anachipangira, ndi zilema zake: mng'alu, kobenthuka, kodyedwa ndi chiswe. Zithunzizo musazisunge m'chipinda chomwecho mmene muli zinthuzo.