Kadamsana akubwera: adutsa kuti, ndipo ife a m'chigwa cha Shire tidzaona chiyani?

Moni nonse a ku Chikwawa, ku Nchalo, ku Bangula mpaka ku Marka. Akuluakulu a ku Nsanje akukumbukira masana a 21 Juni 2001, pamene kunada dzuwa lisanalowe. Mthunzi wa mwezi unadutsa ku Lusaka, n'kukhudza nsonga ya dziko lathu, n'kupitirira ku Mozambique.

Mthunzi umenewu ndi wopapatiza, kawirikawiri sufika makilomita 300 m'lifupi. Amene ali m'kati mwake okha ndiwo amaona dzuwa litaphimbika lonse. Ena onse amaliona ngati lalumidwa mbali imodzi.

Pa 12 Ogasiti 2026 mwayi woona kadamsana wathunthu ndi wa Greenland, Iceland ndi kumpoto kwa Spain. Wamkulu ndi wa pa 2 Ogasiti 2027. Adzadutsa kumwera kwa Spain, Morocco, Algeria, Tunisia, Libya, Egypt, Saudi Arabia, Yemen ndi Somalia, ndipo pafupi ndi mzinda wa Luxor ku Egypt mdima udzapitirira mphindi 6, chinthu chosowa kwambiri. Pa 22 Julayi 2028 ndi Sydney ku Australia ndi kumwera kwa New Zealand.

Tsiku loti mulembe ndi 25 Novembala 2030, m'mawa. Mdima wathunthu udzagwa ku Namibia, Botswana, South Africa ndi Lesotho. Achibale anu a ku Durban adzauona. Kuno tidzaona dzuwa litaphimbika mbali chabe, ngati mitambo ya mvula yoyamba sidzatitchinga.

Apa ndiye pali ngozi. Dzuwa likaphimbika mbali chabe, palibe mphindi ngakhale imodzi yoti n'kuliyang'ana ndi maso okha. M'kati mwa diso mukamapsa simumva kuwawa, mumangodzazindikira patapita maola kuti pakati pa zimene mukuona pali banga. Magalasi akuda a pamsika, galasi lodetsedwa ndi mwaye wa koloboyi, ngakhale beseni la madzi, zonsezi sizikutetezani. Oyenera ndi magalasi olembedwa ISO 12312-2 opanda pong'ambika, kapena galasi la owotcherera la nambala 14.

Mukasowa zimenezi, boolani katoni ndi singano. Fulatirani dzuwa, gwirani katoniyo kuti kuwala kodutsa pabowo kugwere pa pepala loyera, pafupifupi mita imodzi kuchokera pa katoni. Bowo likakula chithunzi chimabalalika. Muziyang'ana pepalalo, osati kusuzumira pabowo. Ana aikeni pansi pa mtengo wa masamba ambiri, aziona timiyezi tambirimbiri tojambulika pa dothi.