Sikelo ya khofi ku Maraba

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye. M'mawa uno tiwerenge Machitidwe 6:1-7, pamene mpingo wa ku Yerusalemu unayamba kung'ung'udza chifukwa akazi amasiye olankhula Chigriki ankaiwalika pa nthawi yogawa chakudya cha tsiku ndi tsiku. Atumwi sanawauze kuti angopirira. Mpingo unasankha amuna 7, ndipo mayina awo onse, kuyambira Stefano mpaka Nikolao wa ku Antiokeya, ndi Achigriki, ngati kuti dengu la chakudya linaperekedwa m'manja mwa mbali imene inkadandaulayo.

Ndimeyi imandikumbutsa za dziko la Rwanda, kumene m'chaka cha 1994, m'masiku pafupifupi 100 okha, anthu okwana 800,000 kapena kuposerapo anaphedwa, ambiri mwa iwo Atutsi, pamodzi ndi Ahutu amene anakana kupha anzawo. Chitupa cholembedwa mtundu wa munthu chinkakwanira kumuphetsa pamsewu, ndipo, zomvetsa manyazi kwa ife okhulupirira, ena anaphedwera m'matchalitchi momwe.

Chiwembucho chitatha, minda ya khofi inali itasanduka tchire. M'chaka cha 1999 alimi a ku Maraba, pafupi ndi tawuni ya Butare, anakhazikitsa kopaletivu yotchedwa Abahuzamugambi, ndipo pambuyo pake anapeza malo otsukira khofi. Pamalo amenewo mayi amene mwamuna wake anaphedwa ankafola pamzere umodzi ndi mayi amene mwamuna wake anali m'ndende, aliyense dengu la zipatso zofiira lili pamutu, kudikira sikelo imodzi. Khofi amene wathyoledwa lero ayenera kutsukidwa lero lomwe, ndipo ngati mlimi mmodzi asakaniza zipatso zosapsa, mtengo wogulitsira khofiyo umatsika kwa onse. Sindikunena kuti mitima inapola pomwepo, chifukwa makhoti a m'midzi otchedwa gacaca anapitiriza kumva milandu ya chiwembucho mpaka 2012, koma ndikuona kuti anthu amene amayezeredwa pa sikelo yosakondera amayamba kupatsana moni, ngakhale wa pakamwa chabe, pamene fizi ya ana ndi sopo zikuchokera m'thumba limodzi.

Ambuye, lero tikupempherera akazi amasiye a ku Maraba, komanso aliyense wa ife amene adzagwire sikelo, kaundula wa thandizo kapena makiyi a nkhokwe, kuti dzina la munthu ndi chilankhulo chake zisasinthe muyeso. Ameni.